Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Mulanje: Ana Ogona M'makhonde Apatsidwe Bwalo ndi Pogona

Bwana DC,

Ndine mmodzi mwa anthu amene timachita zisudzo m'midzi ndi m'misika ya boma lino. Ndakulemberani chifukwa cha ana ndi achinyamata amene dzuwa likalowa alibe khomo loti agogode.

Anthu akamva za ana amasikini, maganizo awo amathamangira ku Limbe ndi ku Blantyre. Koma yendani pa Chitakale usiku magolosale atatseka, kapena ku Limbuli msika utabalalika. Mukapeza mnyamata atayala katoni pansi pa benchi la ogulitsa tomato, miyendo wailowetsa m'thumba la saka, chiperoni cha mu Juni chikuwaza pakhondepo. Kukacha yemweyo ndiye amasenza madengu a nanazi ndi nthochi, kutsuka mbale m'malesitilanti, kuti apeze ya chigumu. Amene amamutuma masana ndi omwe amamutchula wakuba usiku.

Ana amenewa sanagwe kumwamba. Ena nyumba zawo zinapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo makampu atatsekedwa mabanja awo sanadzukenso. Ena makolo anamwalira, agogo otsalawo mphamvu zinatha. Kuno kwathu banja likatha bambo amanyamula chikwama kubwerera kwawo, ndipo bambo wopeza akabwera, si onse amene amalandira mwana wa mwamuna mnzawo. Malo olima nawo ndi ochepa, poti dera lalikulu lachonde lili ndi tiyi. Mwana akaona kuti nsima siyikukwana, amadzichotsa yekha pa mbale. Ena mpaka amawoloka pa Muloza kukasaka ganyu ku Milange, m'dziko la Mozambique.

Mwina mufunsa kuti zisudzo zikulowapo bwanji. Bwana, pa msonkhano wa kwa mfumu anthu amamvetsera mwaulemu, kuwomba m'manja, n'kumapita. Sewero ndi lina. Ng'oma ikangolira pamsika, wakabaza amaimika njinga, amayi amatula mtolo. Ndipo sewero limene ndikunena si longoseketsa ayi. Ndi lija aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chancellor College, pamodzi ndi a Chris Kamlongera, ankapita nalo m'midzi m'zaka za m'ma 1980, lomwe limamangidwa kuchokera pa mavuto a eni mudzi. Nkhani ikafika pothina, monga pamene mwana wathamangitsidwa usiku ndipo waima pakhomo pa malume ake, timaimitsa sewero n'kufunsa oonera kuti, "Inu mukanakhala malumewa mukanatani?" Pamenepo mpomwe zenizeni zimatuluka. Wina amakuwa kuti mwanayo ndi wamwano, amayi ena amamuyankha, a nyakwawa amayamba kutsokomola. Nkhani imene pamudzi ankainong'ona imakambidwa poyera popanda kuloza munthu chala.

Chimene ndikufuna makamaka n'choti anawo akhale eni sewero. Ife akuluakulu tikavala sanza kuyerekeza mwana wamumsewu, anthu amangoseka. Koma achinyamata amene adalawa moyo umenewu akaluka okha nkhani, akasankha okha zoti anene ndi zoti asunge mumtima, bwalo limati zii. Ayenera kutetezedwa ndithu: mayina asinthidwe, pakhale wa ofesi yosamalira anthu wowayang'anira, ndipo aliyense asakakamizidwe kuulula zimene zidamuchitikira, makamaka atsikana, omwe mavuto awo usiku ndi oopsa kuposa a anyamata.

Komabe mtima wanga suli m'malo pa chinthu chimodzi. Tingachite sewero labwino, anthu n'kulira misozi, koma madzulo ake wosewerayo n'kubwerera pa katoni pake pomwe paja. Kumeneko ndiye kusewera ndi moyo wa mwana. N'chifukwa chake kalatayi ndalembera inu osati anzanga azisudzo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 linapereka kwa makhonsolo udindo wopezera pogona ana osochera, otayidwa ndi othawa nkhanza m'dera lawo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Chaka chomwecho Bwalo Lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene linkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu ongopezeka akuyenda usiku. Choncho kusesa anawa ndi kuwatsekera si yankho. Kudalira mabungwe a ku Blantyre monga Chisomo Children's Club nakonso n'kudikira kuti mwana wathu ayambe wafika kutauni, atazolowera kale moyo wamumsewu.

Sindikupempha nyumba yosanja. Khonsolo ipeze nyumba imodzi pafupi ndi boma, ya chipinda cha anyamata ndi cha atsikana, mabulangete, madzi, phala, ndi munthu wodalirika wogona pomwepo. Akhale malo ongodikirirapo pamene alangizi oteteza ana akufufuza achibale, kukambirana ndi mafumu, kubwezera mwana kusukulu, ndi kuona ngati banjalo lingalowe mu Mtukula Pakhomo. Nkhaniyi ilowe mu bajeti ya khonsolo, ndipo aphungu athu auzidwe kuti ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zingathandizenso pamenepa.

Ife mbali yathu tili okonzeka. Tipatseni chilolezo chochita masewero pa Chitakale, Nkando, Chonde ndi Limbuli masiku a msika, ndipo pa sewero lililonse pakhale wa ofesi yanu wolemba mayina a ana ofuna thandizo ndi kulengeza nambala ya foni yaulere yothandizira ana ya 116. Loyamba tikufuna lichitike pa 16 Juni, tsiku la mwana wa mu Africa. Mudzabwere nokha, Bwana, pamodzi ndi makhansala ndi mafumu aakulu, chifukwa tikadzaimitsa sewero n'kufunsa kuti mwanayu akagona kuti lero, funsolo lidzafuna munthu amene angathe kutchula nyumba.

Ine wanu,
Wazisudzo wa ku Chitakale, Mulanje