Kochi asanyoze mwana amene wavulala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kuno ku Harare, makamaka ife a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa amene tayamba kukweza ana kombi Loweruka m'mawa kuti akaphunzire gymnastics, masewera odumpha, kutembenuzika ndi kuimira manja. Chandivuta ndi mawu amene makochi ena amalankhula mwana akavulala, komanso chete wathu ife akuluakulu tikamva mawuwo.

Mdzukulu wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 10, anagwera dzanja pa kalabu ina mtauni muno, pamfundo n'kutupa. M'malo momukhazika pansi ndi kuimbira amayi ake, kochi anamuuza pamaso pa anzake kuti, "Walemera, n'chifukwa chake ukugwa. Uchepetse sadza." Mwana atayamba kulira, anawonjezera kuti wofuna kulira azipita kwawo. Mwanayo anapukuta misozi n'kupitiriza kuimira manja pa dzanja lomwelo. Kunyumba sananene kanthu. Amayi ake anazindikira okha ataona kuti akugwira kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere, ndipo madzulo akungotema nsima kawiri n'kukankha mbale. Kuchipatala atamujambula anamuika chikhakha.

Pabanja ena anati tisiye, makochi ndi mmene alili, amalimbitsa ana. Ine ndikukana. Fupa la mwana silinakhwime ngati lathu. Kumapeto kwake kuli malo ofewa amene fupa limakulira, ndipo malowa amatsekeka mwana akatha msinkhu. Mu gymnastics thupi lonse limatsamira pa manja, choncho mfundo ya dzanja ndiyo imayamba kudandaula. Mwana akapitiriza kudumpha malowa atavulala, fupa likhoza kukula mokhota kapena kulekera panjira. Nthawi zambiri chotiuza kuti pali vuto ndi pakamwa pa mwanayo. Kochi amene amaseka mwana wonena kuti pakupweteka akumuphunzitsa kubisa ululu, ndipo mwana wotere tsiku lina adzabisa chachikulu.

Izi zinaonekera kale kwa eni ake masewerawa. Elena Mukhina wa ku Soviet Union anapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1978. Mu 1979 anathyoka mwendo, koma makochi ake anamufulumizitsa kubwerera asanachire bwino chifukwa Olympics ya ku Moscow inali pafupi. Mu July 1980 anagwera chibwano pokonzekera, khosi n'kuthyoka, ndipo sanayendenso mpaka anamwalira mu 2006. Ku Britain, loya Anne Whyte anatulutsa lipoti mu June 2022 atalandira maumboni oposa 400. Anapeza kuti ana ankakakamizidwa kuchita masewera atavulala, ankanyozedwa za kulemera kwawo, ena mpaka ankabisa chakudya poopa makochi. Zitatero bungwe la British Gymnastics linaletsa makochi kukweza ana pa sikelo. Mawu akuti "uchepetse sadza" ndi mbewu yomweyo, angosintha chilankhulo.

Tsono kholo lichite chiyani? Choyamba ndi mwana. Mukhale naye pansi, osamufunsa ngati wapolisi, ndipo mumuuze momveka kuti iye sanalakwe, kulira pamene pakupweteka si ulesi, ndipo thupi lake lili bwino mmene lilili. Mulembe mawu enieni amene kochi ananena, tsiku lake ndi amene analipo, nkhani isanasungunuke m'mutu. Musayambe ndi kulalata pa gulu la WhatsApp la makolo. Kumeneko nkhani imasanduka mkangano wa akuluakulu, ndipo amene amanyamula manyazi Loweruka lotsatira ndi mwana. Pitani kwa mwini kalabu kapena mkulu wa sukulu muli awiri, kalata ya dokotala ili m'manja, dandaulo mutalemba, ndipo mupemphe yankho lolembedwanso.

Zopempha zake zisakhale zambiri koma zikhale zolimba. Kochi apepese kwa mwana, ndipo poti anamunyoza pagulu, anzake aja amve kuti zimene zinanenedwa zinali zolakwika. Tsiku lobwerera ku masewera linenedwe ndi dokotala, osati kochi. Za kadyedwe ndi kulemera kwa mwana zichoke pakamwa pa kochi. Makolo aziloledwa kukhala poonera. Kalabu imene imatsekera makolo kunja kwa chitseko, ine sindingaisiyire mwana. Sindikunena kuti kochi aliyense wophonya pakamwa achotsedwe ntchito. Ambiri anaphunzitsidwa mwaukali iwo eni ndipo amaganiza kuti njira ndi yomweyo. Wotere akauzidwa n'kusintha, zili bwino. Koma akayamba kuti mwana ndi wabodza, kapena kumusala chifukwa makolo adandaula, mwanayo mumuchotse, dandaulo lipite patsogolo. Ndipo ngati mawu a kochi akhudza thupi la mwana mwa njira ya chiwerewere, palibenso zokambirana ndi kalabu. Imeneyo ndi nkhani ya Victim Friendly Unit ya apolisi, ndipo nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana ozunzidwa, ndi 116, ndipo ndi yaulere.

Pali chinthu china chimene ndikuchidziwa pakati pathu ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Tinaleredwa ndi malangizo akuti mlendo sakweza mawu. Tikalowa m'kalabu ya kumayadi, titalipira madola amene tasonkhanitsa movutikira, timaona ngati atichitira chifundo potilandirira mwana, ndiye timangoti zikomo ngakhale pamene pafunika kufunsa. Ulemu ndi wabwino, koma ana athu ndi nzika za dziko lino. Gawo 81 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013 limanena kuti mwana aliyense wosakwana zaka 18 ali ndi ufulu womvedwa ndiponso wotetezedwa ku nkhanza ya mtundu uliwonse. Silinapatule bwalo la masewera.

Chandipweteka kwambiri pa nkhani ya mdzukulu uja n'chakuti panali makolo ena amene anamva mawu a kochi ali pakhomo, koma palibe anaimbira amayi ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ukamva kochi akunyoza mwana wovulala, uza kholo lake tsiku lomwelo, ndipo uvomere kukakhala mboni.

Ndikupempha a Sports and Recreation Commission, amene amayang'anira mabungwe a masewera m'dziko muno, kuti alamule kalabu iliyonse yophunzitsa ana kukhala ndi munthu wolandira madandaulo amene si kochi, dzina lake ndi nambala yake zitakhomedwa pakhoma pomwe kholo lingaone. Makochi aphunzitsidwenso chithandizo choyamba ndi kalankhulidwe koyenera kwa ana. Kirsty Coventry, amene anali nduna yathu ya masewera, anasankhidwa mu March 2025 kukhala pulezidenti wa International Olympic Committee. Dziko limene latulutsa mtsogoleri wa masewera pa dziko lonse lisalephere kuika lamulo laling'ono ngati limeneli m'makalabu a mu Harare.

Gogo wokhudzidwa,
Mufakose, Harare