Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe wokhudza mankhwala a ululu wa mitsempha

A Wapampando, akomiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la odwala shuga, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma, ndafika bwino Lachinayi madzulo. Ndalama munandipatsa ija yathera pa basi, pogona masiku awiri ndi chakudya chamadzulo, ndipo malisiti onse ali ndi msungichuma. Ndikudziwa kuti ena munadandaula kuti ndalamayo ikanagula timapepala toyezera shuga. Werengani kaye, kenaka muweruze nokha.

M'mawa wa tsiku loyamba unatha ndi malonje komanso zolankhula za akuluakulu. Gawo la kalembedwe ka malipoti linali la ogwira ntchito m'zipatala, ife silikutikhudza.

Nkhani imene ndakutengerani inabwera masana. Mayi wina, katswiri wa zamankhwala, anaimirira atanyamula kabokosi. Nditakaona mtima unagunda, chifukwa ndi komwe kaja timagula ku famase n'kumati "mavitamini a mitsempha". Anakayendetsa mzere ndi mzere kuti aliyense awerenge yekha timalembo tating'ono ta pansi pa dzina. Panali maina awiri: pregabalin 75 mg ndi methylcobalamin. Wachiwiriyu ndi vitamini B12, zoona. Koma pregabalin si vitamini ayi. Ndi mankhwala amphamvu ogwira ntchito mu ubongo ndi m'fupa la msana, amachepetsa mauthenga a ululu ochokera ku mitsempha yowonongeka. Ndi a banja limodzi ndi gabapentin, ndipo onse awiri amapatsidwanso kwa odwala khunyu. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2019, anawaika m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwapadera chifukwa anthu amatha kuwazolowera, ena mpaka kufa nawo. Ife kuno timapatsana ngati mtedza.

Anatisonyezanso kabokosi kena kofanana nako, koma m'malo mwa vitamini muli nortriptyline. Ameneyu ndi m'bale wa amitriptyline amene ambiri timalandira kuchipatala kuti tizimwa pogona. Ndiye taganizani, munthu walandira amitriptyline, mapazi akuyakabe moto, wapita kukagula kapisozi wa nortriptyline osadziwa. Wamwa kawiri mankhwala amtundu umodzi. Kukamwa kumauma, mkodzo umavuta kutuluka makamaka kwa azibambo achikulire, ndipo mtima umatha kusokonekera kagundidwe. Vuto lina la mankhwala awiri m'kapisozi mmodzi ndi lakuti sungachepetse amodzi n'kusiya enawo. Chifukwa chake woyenera kusankha ndi dokotala amene waona kabuku kako ka kuchipatala, osati mnzako amene anamuthandiza.

Pano mundilole ndinene zakukhosi. Chaka chatha, pamene komiti inagwirizana zotenga ndalama za m'thumba la gulu kugula mabokosi atatu a "mavitamini a mitsempha" aja kuti tizigawana, ine ndinakana. Ndinayankhidwa kuti sindine dokotala. Patangopita masabata awiri, mayi wathu wina wachikulire anagwa usiku popita kuchimbudzi, anathyoka dzanja, tinakamuona tonse ali ndi pulasitala. Tinati ndi ukalamba. Ku Lilongwe ndamva ndi makutu anga kuti chizungulire ndi tulo ndizo zoyamba kubwera munthu akayamba pregabalin, ndipo zimakula kwa okalamba. Sindikuloza munthu chala, tonse tinkafuna kuthandizana. Koma nkhani imeneyi sinakambidwepo pa msonkhano wathu uliwonse, ndipo ndikupempha ikambidwe.

Malangizo ena anali awa. Mankhwalawa amayambidwa pang'ono n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo sachita ngati Panado, pamatha masiku kapena masabata munthu asanamve kusintha. Akayamba kugwira, ululu umachepa koma kawirikawiri sutheratu. Mowa ayi, kaya ndi wa masese kaya kachasu. Kuwaphatikiza ndi mankhwala amphamvu a ululu monga tramadol, codeine kapena morphine kumatha kufooketsa kapumidwe, makamaka kwa amene ali kale ndi vuto la m'mapapo. Anyamata athu a kabaza ndi oyendetsa galimoto asakwere mpaka ataona mmene thupi lawalandirira. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pakati, auze dokotala asanayambe. Ndipo wosiya asasiye tsiku limodzi, azichepetsa kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, apo ayi tulo timasowa, thukuta ndi nkhawa zimabwera. Apa ndi pamene kugawana kumatipweteka kwambiri, chifukwa bokosi likatha aliyense amangosiya mwadzidzidzi.

Za impso ndizo zinandikwiyitsa. Pregabalin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo mlingo wa 600 mg patsiku, umene ndi wotsiriza, ndi wa munthu wa impso zabwino. Ife a shuga impso zathu zimafooka mwakachetechete, kotero tiyenera kuyezedwa magazi kaye. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti kwathu takhala tikubwezedwa miyezi yambiri, amati mankhwala a m'makina oyezera kulibe. Anthu a maboma ena anawomba m'manja, kusonyeza kuti si ife tokha. Yankho linali lakuti nkhaniyo ipita kwa akuluakulu. Ine yankho limeneli silinandikhutiritse, ndipo ndikuona kuti kalata yodandaula za nkhaniyi imene takhala tikuizengereza tiilembe sabata ino, tisayine tonse.

Za vitamini anati metformin, mankhwala a shuga aja, akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa B12 m'thupi, ndiye kwa woperewera vitaminiyo amathandizadi, koma si dzanzi lililonse limene limachokera pamenepo. Lina limabwera ndi mankhwala a TB a isoniazid, n'chifukwa chake amapereka B6 pambali, ngakhale B6 yemweyo akachuluka amawononganso mitsempha.

Tsiku lachiwiri anatiyeza mapazi ndi kaulusi ka nayiloni kamene kamapindika kakakanikiza magalamu 10. Ndinavula nsapato, ndinatsinzina, namwino anakhudza chala chachikulu cha kumanzere ndipo sindinamve kanthu. Mankhwala aja amaziziritsa moto wa m'mapazi koma sabweza mitsempha yakufa, ndiye kuyang'ana mapazi tsiku lililonse ndi kusunga shuga pamlingo sikusiyidwa. Zotsalazo zinali zokambirana za mapositala, zimene ine ndikuona kuti sizifika patali kwa anthu athu osawerenga.

Chimene anthu a pamsonkhanowo anagwirizana n'chakuti wodwala aliyense azipita kuchipatala ndi mankhwala ake onse, ogula ndi olandira, alembedwe m'kabuku. Ichi ndikugwirizana nacho ndi mtima wonse. Ndikupempha kuti Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi mabokosi ake, ngakhale opanda kanthu, tidzawerenge limodzi timalembo tija. A Wapampando, muikenso pa ndondomeko nkhani yoletsa kugula mankhwalawa ndi ndalama za gulu, tidzavote.