Kalata kwa Wapampando wa Bodi ya Yunivesite: Mukasankha mayi wachikuda, musamusiye yekha

Olemekezeka a Wapampando,

Ndine mmodzi mwa aphunzitsi a pa yunivesite ya boma imene bodi yanu imayang'anira kuno ku America. Tamva kuti ntchito yofunafuna mtsogoleri watsopano ili kumapeto, ndipo pa mayina amene atsala pali mayi wachikuda. Sindikumupemphera mpando ayi, maphunziro ake ndi ntchito zimene wagwira zikumukwanira. Nkhawa yanga ili pa zimene zidzachitike mukadzamuwombera m'manja, atolankhani n'kubalalika.

Amayi achikuda sanayambe dzulo kutsogolera maphunziro m'dziko muno. Mu 1904 Mary McLeod Bethune anatsegula sukulu ku Daytona, m'chigawo cha Florida, ali ndi $1.50 basi ndi ana asukulu aakazi asanu, ndipo lero sukuluyo ndi Bethune-Cookman University. Komabe mipando ikuluikulu inachedwa kuwafika. Spelman, koleji ya atsikana achikuda imene inayamba mu 1881, inadikira mpaka 1987 kuti itsogoleredwe ndi mayi wachikuda, Johnnetta Cole. Ruth Simmons, chitsiriza m'banja la ana 12 la alimi osauka a ku Texas, anakhala mtsogoleri wa yunivesite ya Brown mu 2001. Yunivesite ya Harvard inamuika Claudine Gay pa mpando mu July 2023, ndipo pa 2 January 2024 anatula pansi udindo. Anthu amatsutsana za zomwe zinamugwetsa, za mayankho ake ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lino, ndi za milandu yoti anakopera zolemba za ena. Koma m'kalata yake yotsanzika anatchulanso za kunyozedwa ndi kuopsezedwa chifukwa cha khungu lake, ndipo aphunzitsi achitsikana achikuda amene ndimagwira nawo ntchito anawerenga mawu amenewo mosamala kwambiri.

Mukadzapeza mpata, dzayendeni m'likole la maofesi a aphunzitsi madzulo, ena onse ataweruka. Chitseko chimene chikadali chotsegula nthawi zambiri chimakhala cha mayi wachikuda. Patebulo pake pali timapepala topukutira misozi, pampando pali wophunzira amene si wa m'kalasi mwake n'komwe, wangobwera chifukwa ndi yekhayo m'nyumba yonseyo amene akufanana naye nkhope. Wina wasowa ndalama ya lendi, wina wauzidwa mawu achipongwe m'kalasi, wina akufuna kusiya sukulu. Mayiyo amamvetsera, amaimba mafoni, amalemba makalata owavomereza. M'mawa mwake ali mu komiti yolemba ntchito, masana mu komiti ya za kusiyana kwa mitundu, chifukwa komiti iliyonse imafuna kuoneka kuti ili ndi munthu wakuda. Nthawi yokweza anthu ikafika, mumawerenga mabuku amene wasindikitsa ndi ndalama za kafukufuku zimene wabweretsa. Maola a madzulo aja salembedwa paliponse, chonsecho ndi amene amachititsa kuti ophunzira amenewo afike tsiku lolandira digiri, inu n'kumanyadira chiwerengero chawo.

Nanga kunyumba? Zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi zimene mphunzitsi amayesedwa asanakhazikitsidwe pa ntchito zimagwera nthawi yomwe amayi ambiri akubereka ndi kulera makanda. Lamulo la dziko lino la 1993 limapereka masabata 12 a tchuthi, koma opanda malipiro. Amene ali ndi makolo olemera angapume. Mayi amene ndi woyamba kwawo kupeza digiri, amene malipiro ake amagula mankhwala a mayi ake okalamba ndi kulipirira mng'ono wake sukulu, akadali ndi ngongole yakeyake ya maphunziro, amabwerera kuntchito mabala asanapole. Ndiye pomufunsa mafunso a utsogoleri wina amanong'oneza mnzake kuti, “Ndi ana aang'ono chonchi, adzakwanitsa?” Funso limenelo sindinalimvepo likufunsidwa za bambo.

Pali china chimene chimandipweteka kwambiri. Ndaona mnzanga, pulofesa wodziwa ntchito yake, akumasula tsitsi lake loluka ndi kuliwongola ndi mankhwala usiku woti mawa akaonekera ku komiti, poopa kuti angamuone ngati wosayenera ofesi. Sikuti ankangoganizira. California inachita kukhazikitsa lamulo mu 2019, lotchedwa CROWN Act, loletsa kusala munthu chifukwa cha tsitsi lake lachibadwa, ndipo zigawo zina zinatsatira. Mawu nawonso amayezedwa. Mwamuna akakana ganizo pa msonkhano amati ndi wolimba mtima, mayi wachikuda akakana ganizo lomwelo amati ndi waukali. Choncho amafewetsa mawu, amamwetulira atatopa, amawerenga imelo katatu asanaitumize. Munthu wotere mphamvu zotsogolera azitenga kuti?

Mutu umodzi susenza denga, a Wapampando, ndipo bodi ndi imene ili ndi mphamvu pa zimenezi. Ngati mumusankhe, musamupatse yunivesite ya ngongole ndi mikangano n'kuyembekezera kuti akonze m'chaka chimodzi zimene ena anawononga kwa zaka zambiri. Gwirizanani zolinga zake polemba, ndipo mumuweruze pa zimenezo zokha. Tsiku limene makalata achipongwe adzayambe kufika, bodi idzalankhule poyera tsiku lomwelo, isadikire kuona kumene mphepo ikulowera. Kwa amene akubwera m'mbuyo mwake, lamulani kuti kulangiza ophunzira ndi ntchito za m'makomiti ziziwerengedwa pokweza anthu, ndipo tchuthi cha uchembere ndi chosamalira odwala chikhale cholipidwa, munthu asamachite kuchipempha ngati chifundo.

Ndikupempha kuti nkhani ziwiri zomalizazi, kuwerengera ntchito ndi tchuthi cholipidwa, muziike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano womwewo umene mudzavotere mtsogoleri watsopano.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pa yunivesite yanu