Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Tithandizeni kuzindikira kashembe

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kuchokera m'mudzi wina woyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, kumene mpanda wotchinga nyama timauona tili m'munda. Chaka chatha, nyengo yotentha, mwana wa achemwali anga wa zaka 14 analumidwa kumbuyo kwa khosi masana dzuwa likuswa mtengo. Anati ululu wake unali ngati wa singano yamoto. Kachilomboko anakamenya ndi dzanja koma sikanafe msanga, ndipo amayi ake anakatsekera m'bokosi la machesi. Tinakayang'ana tonse pakhonde. Kanali kotuwira, kokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya m'nyumba, mapiko atasanjikizana pamsana ngati sizasi yotseka, kukamwa kuli kamsonga koloza kutsogolo. Ena anati ndi ntchentche ya ng'ombe basi. Agogo okha ndiwo anati, "Uyu ndi kashembe."

Patatha masiku angapo, polumidwa paja panatupa n'kufiira, thupi linatentha, mutu ukuwawa. Kuchipatala chathu chaching'ono anamuyeza malungo, sanapezeke, anamupatsa panado. Tinapitanso kachiwiri, chimodzimodzi. Bokosi la machesi lija tinalitenga, koma panalibe woti n'kutiuza kuti m'katimo muli chiyani. Ulendo wachitatu tinabwereka ndalama ya kabaza ndi minibasi kupita kuchipatala chachikulu, kumene anaona magazi ake pa maikulosikopu n'kupeza tizilombo ta kaodzera. Mwanayo anachira, tikuthokoza Mulungu, koma masabata atatu anali atapita pachabe.

Masabata amenewo ndi amene akundipweteka mtima. Kaodzera wa kuno kwathu, woyambitsidwa ndi kachilombo ka Trypanosoma brucei rhodesiense kamene kamafalitsidwa ndi kashembe, sachedwa. Pakangopita masabata ochepa amatha kulowa mu ubongo, munthu n'kumagona masana, usiku osapeza tulo, kulankhula zosamveka, ndipo akapanda kulandira mankhwala amamwalira miyezi isanachuluke. Apa m'pamene achibale amayamba kunena za ufiti n'kuthamangira kwa asing'anga. Sindingawadzudzule, poti kuchipatala anauzidwa kale kuti malungo mulibe.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala abwino tili nawo, ndipo dziko lathu linathandiza kuti apezeke. Fexinidazole anayesedwa pachipatala cha Rumphi komanso ku Lwala m'dziko la Uganda, ndipo mu 2024 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti akhale oyamba kugwiritsidwa ntchito pa kaodzera wamtunduwu. Ndi mapiritsi omwa masiku 10 munthu atadya. Kale matenda akafika mu ubongo odwala ankabayidwa melarsoprol, jekeseni wowawa amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Koma mapiritsiwa angamuthandize bwanji munthu amene palibe wamuganizira kuti ali ndi kaodzera?

Pempho langa si lalikulu, a Nduna. Zipatala zazing'ono zozungulira nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza zikhale ndi maikulosikopu komanso munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito. Pakhale lamulo loti wodwala wochokera m'midzi imeneyi akatentha thupi koma malungo osapezeka, afunsidwe ngati analumidwa ndi kashembe, ndipo magazi ake ayezedwe tsiku lomwelo. Alangizi a zaumoyo azinyamula chithunzi cha kashembe poyendera midzi monga amachitira ndi mauthenga a masikito. Aziuzanso anthu kuti kashembe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, amaluma masana, ndiponso amatsata galimoto ndi njinga zikamayenda. Ana athu ambiri sadziwa kuti nsalu zabuluu ndi zakuda zozikidwa m'mphepete mwa nkhalango ndi misampha yopakidwa mankhwala, moti ena amazichotsa.

Bokosi la machesi lija achemwali akulisungabe. Alangizi akadzabwera m'mudzi mwathu ndi chithunzi, tidzawaonetsa kuti ana afananize.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Nkhotakota