Kalata kwa mwana wanga, woyang'anira antchito pa esiteti

Santhe, Kasungu

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula mayi ako amene mwendo uja wayambiranso. Tinamva pa wailesi kuti kampani yanu yakumba mjigo pa sukulu yoyandikana ndi esiteti, ndipo dzina lako litatchulidwa mayi ako analulutira pakhonde mpaka anansi anatuluka. Koma sabata yomweyo kunabwera msuweni wako, ndipo zimene anandiuza zandisowetsa tulo. Akuti anthu osankha fodya m'shedi atha miyezi iwiri osalandira malipiro, ndipo munthu akafunsa umamuyankha kuti pageti pali ambiri ofuna ntchito.

Mawu amenewo ndikuwadziwa bwino, chifukwa ndi omwe kapitawo uja ankandiuza ine pamene tinali matenanti. Unali wamng'ono, koma sindikhulupirira kuti unaiwala chitini cha chimanga chimene tinkalandira pangongole, kapena tsiku limene mabelo athu atagulitsidwa ku Kanengo, buku la bwana linasonyeza kuti ife ndi amene tatsala ndi ngongole. Boma linathetsa utenanti mu 2021, koma ndikuopa kuti mtima wa kapitawo uja wasamukira mwa mwana wanga yemwe.

Mjigowo sindikuunyoza, poti ana amwa madzi abwino. Komabe dziwa kuti amayi amene akupopa madziwo ndi akazi a anthu omwe sunawalipire, ndipo akamadikira ndowa kudzaza amakamba za iwe. Kampani imene ikufuna kuthandiza anthu ozungulira iyambe ndi amene amalowa pageti pake m'mawa uliwonse. Unaphunzira kuposa ine, choncho ukudziwa kuti lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pa sabata popanda malipiro owonjezera, mwana wosafika zaka 14 asalembedwe ntchito, ndipo mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi cha masabata 8 akulandira malipiro ake onse. Zimenezi si mphatso zojambulitsa. Ndi ngongole yanu.

Mlongo wako uja, ukukumbukira mmene ankasanzira tikachokera kothyola fodya wamame? Tinkati ndi malungo, mpaka adokotala anatifotokozera kuti ululu wa m'masamba onyowa umalowera pakhungu. Agulireni anthu magolovesi, majombo ndi malaya a mvula, ndipo ukalephera kuwakakamiza mabwana ako, alembere kalata kuti pakhale umboni woti unanena.

Ndikudziwa kuti ndalama sizikhala m'thumba mwako, ndipo nawenso uli ndi okukalipira kumwamba. Koma kukamwa ndi kwako. Ngati malipiro achedwa, itana anthu pansi pa mtengo, uwauze chifukwa chake ndi tsiku lenileni, kenaka ukhale chete iwo alankhule, ngakhale a bungwe la antchito amene ndikumva kuti umawathawa. Bambo wamsinkhu wanga usamutchule "iwe" pamaso pa anzake. Maliro akagwa m'nyumba za antchito, pita wekha, usangotumiza galimoto.

Za pageti zija usadzazinenenso, mwana wanga, chonde. Shuga ndi sopo amene unatumiza talandira, koma mwezi uno usatitumizire kanthu kufikira anthu a m'shedi atalandira zawo. Mayi ako sindinawauze zonse, ndiye ukawaimbira Lamlungu uwafunse za mwendo wokha.

Ndine,
Bambo wako