Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a basiketibolo ku Blantyre

A wapampando, akomiti, makolo ndi osewera nonse a timu yathu kuno ku Mangochi, ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a minibasi ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma. Za kaimbidwe ka masewera ndi katchingidwe ka adani ndidzakuonetsani Loweruka pabwalo, chifukwa zimenezo zimamveka mpira uli m'manja. Pano ndikhazikika pa phunziro limene landigwira mtima, la njira imene munthu amadutsa kuti adzakhale mphunzitsi wamkulu wa timu yolipidwa.

Otiphunzitsa anayamba ndi mbiri ya Erik Spoelstra wa timu ya Miami Heat ku America. Bamboyu sanasewerepo mu NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ku America. Atamaliza koleji anakasewera zaka ziwiri ku Germany, ndipo mu 1995 analembedwa ntchito ku Miami yodula ndi kusanja matepi a masewera. Ankaonera masewero amodzimodzi mobwerezabwereza, kulemba kuti wosewera uyu amakonda kulowera kumanzere, uyo akatopa amasiya kuthamangira kumbuyo, n'kukapereka kwa akuluakulu ake. Panatha zaka 13 asanapatsidwe timu. Pat Riley, amene anali mphunzitsi wamkulu wa timuyo, anamusiyira mpando mu 2008.

Apa ndikupempha akomiti amvetsere bwino. Mu 2010 timuyo inatenga osewera otchuka LeBron James ndi Chris Bosh kudzaphatikana ndi Dwyane Wade, koma pa masewero 17 oyamba inapambana 9 okha. Anthu anayamba kufuula kuti mphunzitsi achoke. Mu 2011 anagonjanso pa ndime yomaliza kwa Dallas Mavericks. Eni timu sanamuchotse, ndipo mu 2012 ndi 2013 anatenga chikho motsatizana.

Si onse amapatsidwa mpata wotere. Mike Brown, yemwenso anayambira ku matepi ku Denver, anasankhidwa kukhala mphunzitsi wabwino koposa mu 2009, koma mu 2010 a Cleveland, timu imene ankaphunzitsa, anamuchotsa. A Los Angeles Lakers anamuchotsa mu 2012 ligi itangoyamba, atasewera masewero asanu basi. Anabwerera kukakhala wothandizira ku Golden State, osachita manyazi, ndipo ndi yemweyo amene anatsogolera timu ya dziko la Nigeria pamene inagonjetsa America 90 kwa 87 ku Las Vegas mu 2021. M'chipindamo munamveka m'manja pamenepa, ine ndemwe ndinaomba nawo.

Titatha kumva mbirizi anatitulutsa panja. Aliyense anapatsidwa pepala lojambulidwa bwalo, n'kukhala m'mbali pamene anyamata ena ankasewera. Ntchito yathu inali kulemba kadontho pamene wosewera waponyera, ndi kuzunguliza kadonthoko ngati mpira walowa. Pakutha pa chigawo chimodzi pepala langa linaonetsa poyera kuti mnyamata wamtali amene tonse timamuyamikira ankaphonya nthawi iliyonse akaponyera kumanja kwa bwalo, pamene kamnyamata kachete ka nambala 6 kankangolowetsa pansi pa mphete popanda wokaona. Maso okha sakanandiuza zimenezi. Ntchito ya Spoelstra ija ndi imeneyi, ndipo imatheka ndi kope ndi cholembera.

Pali chimodzi chimene sindinagwirizane nawo, ndipo ndinanena pomwepo. Ankalimbikitsa kuti timu yofuna kukwera izichita zokonzekera kawiri pa tsiku. Ndinawauza kuti abwere adzaime pa simenti yathu masana mu Okutobala, dzuwa la kunyanja likuswa mtengo. Komanso ana athu ambiri akaweruka kusukulu amapita kumadrasa, ena amathandiza makolo kuyanika usipa, ndiye m'mwezi wa Ramadani ambiri amakhala akufunga. Mphunzitsi wa kuno amayenera kudziwa moyo wa ana ake asanalembe ndandanda. Anzathu ochokera ku Salima ndi ku Nsanje anandivomereza.

Tsono zopempha zanga ndi izi. Tili ndi mnyamata uja wa ku Mpondasi amene amapopa mipira, kusesa bwalo ndi kutunga madzi a osewera. Bondo linamuletsa kusewera koma salephera kubwera. Ndikupempha kuti timutche wothandizira mphunzitsi, timugulire kope lachikuto cholimba, ndipo pa masewero aliwonse, kaya kuno, kaya tapita ku Monkey Bay kapena ku Namwera, azikhala pambali pa a kochi akulemba. Amene ali ndi foni yojambula bwino atibwereke pa tsiku la masewero kuti Lolemba tizionera limodzi. Ukadzabweranso mwayi wa maphunziro, adzapite iyeyo.

Chinanso n'chokhudza a kochi athu. Ndamva zonong'ona kuti popeza tagonja motsatizana, tipeze wina. Ine sindikuvomereza. Munthuyu salandira kanthu, ndipo theka la timu ndi ana amene ayamba kugwira mpira chaka chino. Ndikupempha kuti tilemberane nawo pangano la zaka ziwiri, tigwirizane zimene tizidzayang'ana, monga kuchuluka kwa ana obwera ku zokonzekera ndi zimene kope lija lizidzaonetsa, osati zigoli zokha.

A wapampando, nkhani ziwirizi ziikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo makolo a mnyamatayo aitanidwe kuti timve maganizo awo tisanamupatse udindo.