Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: mabungwe a kunja atsogoleredwe ndi eni nthaka

Olemekezeka a Nduna,

Ndalemba kalatayi poyera chifukwa anthu amene nkhaniyi imawakhudza kwambiri sadzafika n'komwe pakhomo la ofesi yanu ku Capital Hill. Ndikunena za mabungwe a kunja amene amagwira ntchito za umoyo ndi chitukuko m'midzi yathu, ndiponso za funso limene takhala tikulizemba kwa zaka zambiri, loti ntchito imeneyi akuitsogolera ndani.

Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump adasayina lamulo loimitsa kwa masiku 90 thandizo limene dziko la America limapereka ku maiko ena. Masiku ochepa chabe atadutsa, makalata oti ntchito iime adayamba kufika m'maofesi a mabungwe kuno. Ma ARV adalipo ndithu m'zipatala, popeza ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba la maiko lothandiza polimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Chimene chidagwedezeka ndi anthu ozungulira mankhwalawo: oyeza magazi, anyamata a njinga zamoto onyamula magazi ndi makhololo kupita ku labu, makalaliki osunga mbiri ya odwala pakompyuta, ndi aja olondola odwala amene asiya kumwa mankhwala. Ambiri mwa iwo malipiro awo ankachokera ku mapulojekiti, osati ku boma. Ena adabwerera pantchito America itapereka chilolezo chapadera pa ntchito zopulumutsa moyo, koma pofika pa 1 Julayi chaka chomwecho bungwe la America lopereka thandizo la USAID lidali litatsekedwa. Nalo dziko la Britain lidali litalengeza kale mu Febuluwale kuti pofika 2027 thandizo lake lidzatsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chake. Makolo adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama zoposa theka zoyendetsera umoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja, ndipo pa nkhani ya HIV ndiye pafupifupi zonse.

Musandimve ngati ndikunyoza thandizoli. Amene adaona maliro a m'zaka za m'ma 1990, pamene misika ya mabokosi idali yotentha kuposa ya chimanga, sangayerekeze kutero. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, nthawi imene akuluakulu ena kunja ankati munthu wa kumudzi ku Africa sangathe kumwa mankhwala otere pa nthawi yake. Mu 2004 boma lidayamba kuwapereka mwaulere ndi ndalama za Global Fund, ndipo lero anthu oposa 900,000 ali pa mankhwalawa. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 aliwonse pa kafukufuku wa 1992 kufika pa 63 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Ndalama za alendo zili m'kati mwa zonsezi, ndipo tiyenera kuthokoza.

Koma mukayang'anitsitsa pamene padayenda bwino kwambiri, mupeza kuti ndalama zidali za alendo, chiwongolero chili m'manja mwa unduna wanu. Mu 2011 dziko lino lidasankha kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kupitiriza moyo wake wonse, osadikira kuyeza CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi. Chifukwa chake chidali chapoyera: makina oyezera CD4 adali ochepa, ambiri ankakhala owonongeka, ndipo mayi amene wayenda mtunda wautali ukamuuza kuti abwerenso kudzamva zotsatira, mwina sudzamuonanso. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, a nthawi imeneyo sadali otero. Ena opereka ndalama adakayikira. Akuluakulu a unduna adaima nji, ndipo patangotha zaka ziwiri WHO idalemba njira imeneyi, ya Option B+, m'malangizo ake a dziko lonse lapansi. Chimodzimodzinso nzeru yolola ma clinical officer ndi anamwino kuyambitsa odwala ma ARV m'malo modikira madokotala amene tidalibe. Imeneyo idachokera kwa anthu odziwa kuti pa health centre pamakhala ndani Lolemba m'mawa.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa boma la Neno, chifukwa kumeneko kuli phunziro limene sitinalitole mokwanira. Neno idapatulidwa kuchoka ku Mwanza ilibe chipatala cha boma choyenera dzinalo, ndipo za msewu wake aliyense amene adapitako nthawi ya dzinja akhoza kukusimbirani. Mu 2007 kudabwera, poitanidwa ndi unduna wanu, bungwe la Partners In Health, limene malemu Dr Paul Farmer adaliyambitsa ndi anzake mu 1987 atagwira ntchito ku Cange m'dziko la Haiti. Kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. Taonani kuti adaitanidwa, ndipo adalozeredwa kumene ena sankafuna kupita. Atafika sadamange chipatala chawochawo chokhala ndi mpanda ndi chikwangwani chachikulu. Adathandiza kumanga chipatala cha boma cha Neno ndi cha Lisungwi, zonse n'kukhala za boma, ogwira ntchito a boma ndi a bungwe n'kumaonera odwala pansi pa denga limodzi.

Chachiwiri, adalemba anthu a m'midzi momwemo kuti aziyendera mabanja khomo ndi khomo, ndipo amawapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Apa mpamene mabungwe ambiri amapunthwa. Amafuna mayi wa kumudzi asiye munda wake, ayende m'mapiri kulondola odwala, malipiro ake akhale tisheti ndi chitenje chokhala ndi chizindikiro cha bungwe, pamene amene adalemba pulojekitiyo akulandira madola. Umphawi wa munthu asamautenge ngati chilolezo chomugwiritsa ntchito yaulere. Chachitatu, ku Neno adavomereza kuti wodwala TB amene kunyumba kwake kulibe ufa, kapena denga likudontha, mapiritsi okha samuchiza, motero thandizo la chakudya, nyumba ndi ndalama yoyendera lidalowa m'ntchito ya chipatala. Kenaka adaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda a shuga, BP, mphumu ndi khunyu, kuti agogo a BP asamaonerere mnzawo wa HIV akulandira chisamaliro chonse iwo akuuzidwa kuti akagule okha. Njira yothandizira pa chipatala cha boma laling'ono ana a shuga wofuna insulin, a matenda a mtima ndi a sickle cell, imene imatchedwa PEN-Plus, idayesedwa ku Rwanda ndi ku Neno nduna za umoyo za mu Africa zisanaivomereze pa msonkhano wa WHO ku Lomé mu 2022.

Sindikuti ku Neno zonse ndi uchi. Anthu oposa 138,000 amene adawerengedwa kumeneko mu 2018 adalandira chisamaliro cha ndalama zochuluka pa munthu aliyense kuposa zimene boma lingakwanitse m'maboma onse 28, ndipo funso loti bungwelo litachoka zingatsale zingati likadali pomwepo. Koma kukhala malo amodzi zaka zoposa 15, kugwira ntchito m'kati mwa zipatala za boma, ndi kulipira anthu a kumudzi, zimenezo sizilira madola ochuluka. Zimalira mtsogoleri amene waganiza kuti atero, ndi unduna umene ukumuuza kuti kuno timatero.

Zimene zimachitika m'malo ambiri mukuzidziwa. Pulojekiti imalembedwa ku Washington, Geneva kapena London, ya zaka zitatu kapena zisanu. Chaka choyamba chimathera kulemba antchito, kugula magalimoto ndi kuchita kafukufuku woyambira. Chaka chomaliza chimathera malipoti. Pakatipo pali maphunziro ku Mponela, Salima ndi Mangochi, kumene namwino mmodzi yekhayo wa pa health centre amaitanidwa sabata yathunthu, amayi oyembekezera n'kutsala ndi wothandizira. Namwinoyo sindimuda, malipiro ake ndi ochepa ndipo alawansi ndiyo imalipira fizi ya mwana. Mlangizi wa zaumoyo mmodzi amapezeka ali ndi mabuku a malipoti a mabungwe angapo, lililonse likufuna manambala ake pa tsiku lake, pamene bokosi lake la mankhwala a kiliniki ya m'mudzi mulibe LA kapena ORS. Ndipo mabungwewa amakonda kuunjikana kumene tala wafika. Pitani ku Makhanga kutsidya kwa Shire madzi akasefukira, pa chilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ku Chizumulu, kapena m'madoko a asodzi, mukawerenge magalimoto oyera amene mungakumane nawo. Ku Dzaleka, msasa umene udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, lero kuli oposa 50,000. M'ndende za Maula ndi Chichiri anthu amagona mopanikizana moti TB siivutika kupeza wina. Anzathu achialubino amafuna mafuta oteteza khungu mwezi uliwonse, osati pa tsiku la chikondwerero lokha. Amenewa ndiwo amatchulidwa m'mapepala opemphera ndalama, koma ndi omaliza kufikiridwa.

Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idayambira ku Machinga n'kufalikira dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700, idaonetsa mbali ina ya vutoli. Ndalama za matenti, madiripi ndi katemera zidabwera mliri utabuka. Za mijigo, mipope ndi zimbudzi, zimene zikadauletsa, n'zovuta kuzipeza chifukwa mjigo wokonzedwa pa nthawi yake sutuluka pa wailesi yakanema.

Tsono apa, Olemekezeka, ndiyenera kunena zowawa za kwathu komwe. Alendowa sadayambe kuzemba thumba la boma popanda chifukwa. Cashgate ya 2013 idachititsa kuti aleke kuika ndalama mu bajeti yathu. Kubedwa kwa mankhwala kudachititsa kuti ena akhazikitse njira zawozawo zosungira ndi kugawira mankhwala pambali pa Central Medical Stores. Mankhwala a boma akapezeka pa msika kapena m'kachipatala ka munthu, mawu anu pamaso pa opereka thandizo amapepuka. Ndiponso mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku umoyo, koma ife zaka zambiri takhala pansi pa mlingo umenewo. N'kovuta kuuza mlendo mmene agwiritsire ntchito ndalama zake iwe zako usanaike pagome.

Komabe zida zotsogolera muli nazo kale. Ndondomeko yachitatu ya umoyo ya 2023 mpaka 2030 imanena za pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi. Mgwirizano wa Lusaka Agenda wa Disembala 2023 udalimbikitsa mabungwe akuluakulu monga Global Fund ndi bungwe la katemera la Gavi kuti azitsata zofuna za maiko eni ake. Ndipo tidachitapo kale zotere: kuyambira 2004, pa ndondomeko yapadera ya ogwira ntchito za umoyo, Britain ndi Global Fund adavomera kuwonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito ndi kukulitsa masukulu awo, chinthu chimene opereka thandizo ankachikana kale ponena kuti malipiro ndi udindo wa boma. Adavomera chifukwa unduna udafika ndi pulani yomveka.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Bungwe lililonse lisanayambe ntchito, lilembe poyera kuti likadzachoka antchito ake adzalipidwa ndi ndani, ndipo maudindo amene chipatala sichingayende popanda iwo, monga oyeza magazi, onyamula magazi ndi makalaliki, alowe pang'onopang'ono m'kaundula wa boma chaka ndi chaka, osadikira kalata ina yochokera ku Washington. Kumene bungwe likagwire ntchito kuzisankhidwa ndi unduna pamodzi ndi makhonsolo potengera mtunda ndi umphawi wa dera, ndipo lokana kupita kutali liuzidwe mwaulemu kuti malo ena adzaza. Wotsogolera pulojekiti ya ku Nsanje azikhala ku Nsanje, ana ake akadwala usiku azidziwa chipatala chimene athamangire. Munthu wotere salemba pulani mofanana ndi amene amabwera kuchokera ku Area 43 kamodzi pa miyezi itatu. Mkulu wa zaumoyo pa boma akhale ndi mphamvu yokana maphunziro amene akusiya chipatala chopanda namwino, popanda kuopa kuti foni ibwera kuchokera ku Lilongwe.

Pomaliza pali nkhani ya kuuza eni ake. Mabungwe amapereka malipoti kwa amene adawapatsa ndalama, nthawi zina kwa inu, koma kwa agulupu, komiti ya pachipatala ndi VDC amangobwera kudzadziwitsa kuti abwera ndi kudzatsanzika. Lamulani kuti pa health centre iliyonse pamene pali pulojekiti pakhomedwe pepala m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena chilankhulo cha deralo, lonena ndalama zimene zabwera, ntchito yake, ndi mwezi umene pulojekitiyo idzathe. Pepala lomwelo linenenso mankhwala amene boma latumiza mwezi umenewo. Zimenezi mukhoza kuzilamula ndi kalata imodzi yochokera mu ofesi yanu, ndipo ndikupempha kuti muilembe chaka cha boma chino chisanathe.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa, Mwanza